Dzina la Mkhristu ndi Maitanidwe Ake ku Sanjala ndi m'Chigawo cha Niassa

Dzina loti Mkhristu silinayambe ndi Akhristu eni ake. Buku la Machitidwe a Atumwi limasimba kuti ophunzira a Yesu anayamba kutchedwa choncho ku Antiokeya, mzinda waukulu wa ku Siriya, kumene Barnaba ndi Saulo anaphunzitsa kwa chaka chathunthu. Akatswiri ambiri a Baibulo amaona kuti amene anawapatsa dzinali anali anthu akunja kwa mpingo, ataona gulu lachilendo la Ayuda ndi Agiriki losasiya kutchula Khristu. Okhulupirirawo pawokha ankatchulana kuti abale, ophunzira, oyera mtima, kapena anthu a Njira. M'Chipangano Chatsopano chonse dzinali limapezeka katatu kokha: ku Antiokeyako, pakamwa pa mfumu Agripa pamene Paulo ankadziteteza pa mlandu, ndi m'kalata yoyamba ya Petro pokamba za munthu wozunzidwa chifukwa cha dzinalo. Malo onse atatu, dzina likuchokera kwa woyang'ana ali kunja. Kuyambira pachiyambi, woweruza ngati dzinali likumuyenera munthu kawirikawiri sanali mwini dzina.

Cha m'ma 112, Pliny, bwanamkubwa wa Aroma ku Bithynia, analembera mfumu Trajan kufunsa ngati ayenera kulanga anthu chifukwa cha dzina lokhalo, kapena chifukwa cha milandu imene anthu ankaiyika pa dzinalo. Atawafunsa mafunso, anapeza kuti ankasonkhana mbandakucha pa tsiku loikika, kuimba nyimbo kwa Khristu, ndi kulumbira kuti sadzaba, sadzalanda, sadzachita chigololo, sadzaswa pangano, ndipo sadzakana kubweza chinthu chimene wina anawasungitsa. Umboniwu ndi wolemera chifukwa wolembayo sankawakonda Akhristu. Pa nthawi yomweyo Ignatius, bishopu wa ku Antiokeya, ali pa ulendo wokaphedwa ku Roma, anapempha mapemphero kuti asangotchedwa Mkhristu koma apezeke ali Mkhristu ndithu. Kusiyana kwa kutchedwa ndi kupezeka kunalipo kale mpingo usanakwanitse zaka 100.

Ku Sanjala, limodzi mwa madera a mzinda wa Lichinga, funso la kutchedwa ndi kupezekali lili ndi nkhope yakeyake. Lichinga ndi likulu la chigawo cha Niassa ku Mozambique, mzinda wozizira wa pamtunda wopitirira mamita 1,300, umene Apwitikizi anaukhazikitsa mu 1931 ndi dzina loti Vila Cabral. Anthu ake ambiri ndi Ayao, Anyanja ndi Amakua, ndipo m'chigawochi Asilamu ndi ochuluka kuposa Akhristu. M'madera amene pafupifupi aliyense ndi wobatizidwa, dzina loti Mkhristu silimusiyanitsa munthu ndi mnansi wake. Ku Sanjala limamusiyanitsa. Mbandakucha mumamveka kuitanira ku mzikiti, Lamulungu mumamveka belu ndi ng'oma za makwaya, ndipo m'banja limodzi mutha kupezeka malume wa ku mzikiti ndi mphwake wa ku tchalitchi. Mkhristu akanyenga pa malonda, anthu satchula iye yekha. Amati, ndi mmene alili a kutchalitchi.

Kwa Anyanja ndi Ayao, dzina silinakhalepo chinthu chopepuka. Mwana amapatsidwa dzina mchombo utagwa, potuluka m'chikuta, ndipo dzinalo limasunga mbiri ya nthawi imene anabadwira. Mavuto, Masiye, Chisoni ndi Manda amanena za nyumba imene munali maliro kapena njala. Mphatso, Tiyamike ndi Madalitso amanena za mwana amene anamudikira nthawi yaitali. Ena amapatsidwa dzina la gogo amene anamwalira, ndipo akulu amamuitana mwanayo mwaulemu ngati akuitana gogoyo, namudzudzula akachita zosayenera mwini dzina. Pa chinamwali, ndi pa jando kwa Ayao, mwambo unali woti wotuluka ku simba alandire dzina latsopano, ndipo kumuitana ndi dzina la paubwana kunali chipongwe. Dzina latsopanolo linkabwera ndi malamulo ake: osalowanso kuchipinda kwa makolo, osayankha akulu mwachibwana. Choncho amishoni atafika ndi chiphunzitso chakuti wobatizidwa ndi munthu watsopano woyenera kuyenda mwatsopano, sanabweretse ganizo lachilendo. Anapeza anthu odziwa kale kuti dzina limadza ndi udindo.

M'Baibulo mulinso kusintha kwa maina. Abramu anakhala Abrahamu, Yakobo anakhala Israele, Simoni anakhala Petro. Pa onsewa dzina linatsogola, khalidwe likubwera m'mbuyo, ndipo nthawi zina linkachedwa kwambiri: Petro anali kale ndi dzina lake latsopano usiku umene anakana Mbuye wake katatu. Palinso njira ina. Yosefe, Mlevi wa ku Kupro, atumwi anamutcha Barnaba chifukwa cha mtima wake wolimbikitsa ena. Iyeyu anagulitsa munda napereka ndalama zake, ndipo pambuyo pake anamuimira Saulo pamene ena onse ankamuopa. Apa khalidwe linatsogola, dzina likutsatira. Ambiri amaganiza kuti Saulo anasintha dzina kukhala Paulo tsiku limene anatembenuka mtima, koma buku la Machitidwe limapitiriza kumutcha Saulo kwa nthawi ndithu, ndipo limasonyeza kuti anali ndi maina onse awiri, lachiyuda ndi lachiroma. Kutembenuka mtima kwake sikunadalire dzina.

Mfundo imeneyi inasokonekera m'mbiri ya mishoni. Chikhristu chinafika ku Niassa, m'mbali mwa nyanja kum'mawa, kudzera mwa Aanglikani a bungwe la UMCA. William Percival Johnson ndi Charles Janson anafika kunyanjako mu 1882, Janson namwalira chaka chomwecho. Mishoni ya pa chilumba cha Likoma inakhazikitsidwa mu 1885, ndipo kuchokera pamenepo masukulu ndi matchalitchi anafalikira m'midzi ya m'gombe, kuphatikizapo Messumba pafupi ndi Metangula. Akatolika a chipani cha Consolata anafika ku Niassa mu 1926, nakhazikitsa mishoni ya Massangulo mu 1928. Mipingo yonseyi inkapereka dzina la m'Baibulo kapena la woyera mtima pa ubatizo, ndipo munthu ankayamba waphunzira kalasi kwa zaka asanalilandire. Mpaka pamenepo dzina linali chizindikiro cha njira imene munthu wayenda.

Zinthu zinasintha pamene boma la atsamunda linalowererapo. Mapangano a pakati pa Portugal ndi Vatican a mu 1940, ndi lamulo la mishoni la mu 1941, anapereka maphunziro a ana a Aafirika m'manja mwa mishoni za Chikatolika. Pa nthawiyo anthu anali ogawidwa: ambiri ankawerengedwa ngati mbadwa zopanda ufulu wa nzika, ochepa okha, otchedwa assimilado, ndiwo ankaloledwa kukhala nzika atasonyeza kuti amalankhula Chipwitikizi ndi kukhala ngati Mpwitikizi. Lamulo logawa anthuli linathetsedwa mu 1961. M'zaka zimenezo dzina ngati António, José kapena Maria linkatsegula chitseko cha sukulu ndi cha ntchito. Sikungakhale chilungamo kunena kuti onse obatizidwa nthawi imeneyo ankangofuna sukulu, pakuti ambiri anasunga chikhulupiriro chawo pa masiku oipa amene anatsatira. Koma n'zoona kuti dzina linayamba kupindulitsa mwini wake popanda kufunsa za khalidwe, ndipo makolo ambiri Achisilamu anakana kutumiza ana ku sukulu poopa kuti akabwerako ndi dzina lina ndi chipembedzo china.

Mipingo yokha inabwereranso pa nkhaniyi. Malamulo a Mpingo wa Katolika a mu 1917 ankafuna kuti wobatizidwa apatsidwe dzina lachikhristu. A mu 1983 amangoti makolo, aankhoswe a ubatizo ndi wansembe aonetsetse kuti dzinalo lisakhale lotsutsana ndi mtima wa Chikhristu. Pakati pa zaka zimenezi panachitika mkangano wa ku Zaire, kumene mu 1972 mtsogoleri wa dzikolo, Mobutu, analamula anthu kusiya maina a ubatizo, ndipo Kadinala Joseph Malula anachoka m'dzikomo kwa kanthawi chifukwa chosagwirizana ndi boma. Lero mwana angathe kubatizidwa ndi dzina loti Chifundo kapena Limbani popanda wodabwa. Zatsala poyera kuti dzina limene Mkhristu ayenera kulikwaniritsa si la m'kaundula wa parishi, koma la Khristu limene onse obatizidwa amaligawana.

Maitanidwe ndi mbali yachiwiri ya funsoli, ndipo ambiri amawamva mopanikiza. Akamva zoti wakutiwakuti ali ndi maitanidwe, amaganiza za unsembe, usisitere kapena ubusa. M'makalata a Paulo mawuwa amanena za okhulupirira onse. Kalata yopita kwa Aefeso, m'mutu wachinayi, imawapempha kuyenda moyenera maitanidwe awo, ndipo zimene imatchula si maudindo: kudzichepetsa, kufatsa, kupirirana, kusiya bodza, kusagona ndi mkwiyo, ndi kuti wakuba asiye kuba nayambe kugwira ntchito ndi manja ake kuti apeze chogawira wosowa. Yohane Mbatizi atafunsidwa ndi okhometsa msonkho ndi asilikali, sanawauze kuti asiye ntchito. Okhometsa msonkho anawauza kuti asalipiritse mopitirira choikika, asilikali anawauza kuti asalande za anthu ndipo akhutire ndi malipiro awo. Martin Luther m'zaka za m'ma 1500 anaphunzitsa kuti ntchito ya mlimi ndi ya mayi wolera ana ndi maitanidwe monga momwe ulili unsembe, ndipo Msonkhano Wachiwiri wa ku Vatican mu 1964 unanenetsa kuti obatizidwa onse aitanidwa kukhala oyera. Pa mfundo iyi Akatolika ndi Apulotesitanti sasiyana kwenikweni.

Niassa ili ndi anthu ake amene mbiri imawatchula pa nkhaniyi. Leonard Kamungu anabadwira ku Chia, m'gombe la kum'mawa kwa nyanja, naphunzira ku Likoma ndi ku Zanzibar. Anadzozedwa udikoni mu 1902 ndi unsembe mu 1909, ndipo ambiri amamutchula kuti wansembe woyamba wa Chianglikani mwa Anyanja. Atatumikira ku Lungwena ndi ku Nkhotakota, anavomera kupita ku Msoro, m'dziko limene tsopano ndi Zambia, kutali ndi nyanja ndi abale ake, ndipo anamwalirira komweko mu 1913. Sukulu ya ubusa ya Aanglikani ku Zomba imadziwika ndi dzina lake.

Nkhani ya Yohanna Barnaba Abdallah ili pafupi kwambiri ndi Lichinga, ndipo imaphunzitsa china. Iye anali Myao wochokera kumwera kwa Tanzania ya lero, ndipo anatumizidwa ku Unangu, kuphiri la kumpoto kwa kumene pambuyo pake kunamangidwa mzinda wa Lichinga. Anadzozedwa unsembe mu 1898 nakhala ku Unangu pafupifupi zaka 30, mpaka imfa yake mu 1924, pakati pa anthu amene ambiri a iwo anasankha Chisilamu. Poyerekeza ndi midzi ya m'gombe, otembenuka mtima ku Unangu anali ochepa. Woyesa maitanidwe powerenga mitu ya anthu angati sanaphule kanthu. Koma anakhalabe, anaphunzitsa ana, ndipo analemba mbiri ya Ayao m'chinenero chawo, buku lotchedwa Chiikala cha Wayao limene linatuluka mu 1919 ndipo akatswiri a mbiri amaligwiritsabe ntchito. Dzina lachiarabu la Abdallah, lofala pakati pa Asilamu, sanalitaye. Analinyamula pamodzi ndi awiri a m'Baibulo moyo wake wonse.

Mayeso aakulu anabwera ndi nkhondo. Nkhondo yomenyera ufulu itayamba mu 1964, anthu ambiri a m'gombe anathawira ku Likoma ndi ku Tanzania, ndipo apolisi achinsinsi a PIDE ankakayikira Akhristu a ku Messumba kuti akuthandiza Frelimo, gulu lomenyera ufuluwo. John Paul, wansembe amene anatumikira kumeneko, analemba za masiku amenewo m'buku limene linatuluka mu 1975. Ufulu utabwera, boma latsopano linatenga masukulu ndi zipatala za mishoni mu July 1975, ndipo mu 1977 Frelimo inalengeza kuti ikutsata chiphunzitso cha Marx ndi Lenin. Dzina limene kale linkatsegula zitseko tsopano linkatha kuzitseka. Amene analowa mpingo chifukwa cha sukulu analibenso chowasungira. Mu 1977 momwemo Akatolika anasonkhana ku Beira nagwirizana kuti mpingo uime pa timagulu ta Akhristu eni ake, aliyense ndi utumiki wake: wotsogolera mapemphero, wophunzitsa katekisimu, woyendera odwala, woyang'anira maliro. Dayosizi ya Anglikani ya Niassa nayo inayamba m'nyengo yomweyo, Paulo Litumbe nakhala bishopu wake woyamba. M'nkhondo yapachiweniweni imene inatha ndi pangano la ku Roma pa 4 October 1992, midzi yambiri inkatha zaka osaona wansembe, ndipo mpingo unasungidwa ndi alimi ndi amayi amene maina awo sanalembedwe m'mabuku a mbiri.

Ku Nipepe, kumwera chakum'mawa kwa Niassa, mu January 1989 anthu oposa 200 anadzitsekera m'tchalitchi pothawa nkhondo, ndipo anachitira umboni kuti madzi a m'mtsuko wa ubatizo anawakwanira masiku angapo atapempha thandizo la malemu sisitere Irene Stefani. Mpingo wa Katolika unavomereza nkhaniyi ngati chozizwitsa, ndipo Irene analengezedwa kukhala wodala ku Nyeri, ku Kenya, pa 23 May 2015. Mipingo ina siivomereza kupempha thandizo la oyera mtima, ndipo imeneyo ndi nkhani ina. Chokhudza dzina ndi ichi: sisitereyu, amene anamwalira mu 1930 atatenga matenda posamalira wodwala, anali ndi dzina la ubatizo, Aurelia Mercede, ndi la usisitere, Irene, koma limene anthu amamudziwa nalo ndi Nyaatha, lonena za mayi wachifundo, limene anamupatsa ndi Akikuyu amene ankawasamalira.

Masiku ano ku Sanjala palibe amene amamangidwa chifukwa chotchedwa Mkhristu, ndipo dzinalo limayesedwa pa zinthu zazing'ono. Niassa ndi dziko la nyemba, chimanga ndi mbatatesi, ndipo malonda ambiri amayezedwa ndi chitini kapena ndowa. Chitini chitha kuphwanyidwa pansi kuti chilowe m'kati, wogula n'kumaona ngati chadzaza pamene nyemba zachepa. Wogula kwa alimi atha kukhala ndi ndowa ziwiri, yaikulu yogulira ndi yaing'ono yogulitsira. Usipa wochokera ku Metangula kapena ku Meponda utha kuunjikidwa wabwino pamwamba, wofumbwa pansi. Mayi amene Lamulungu amavala yunifolomu ya bungwe la amayi amadziwika ndi anzake a pa benchi kuti chitini chake ndi chotani, ndipo iwo ndi amene amauza ena. M'magulu osonkherana ndalama, amene ku Mozambique amati xitique ndipo ku Malawi chipereganyu, funso limakhala lomwe lija la m'kalata ya Pliny: kodi wolandira koyamba adzapitiriza kusonkha mpaka womaliza alandire?

Popeza Lichinga ndi likulu, ambiri mwa Akhristu ake ndi antchito a m'maofesi, aphunzitsi, anamwino ndi apolisi. Kumeneko chiyeso chimatchedwa ndi mawu ofewa. Ku Mozambique amati refresco, ku Malawi amati ya fanta, ndipo odzikhululukira amati mbuzi imadya pomwe aimangirira. Malipiro ochepa ndi abale ambiri odalira munthu mmodzi ndi zoona zimene mlaliki sayenera kuzinyoza. Komabe amene amalipira kangachepeko ndi mlimi amene wayenda ulendo wautali kudzatenga chikalata chimene ndi ufulu wake, ndipo amakumbukira nkhope ya womulipiritsayo akaiona kutsogolo kwa tchalitchi ikuwerenga mawu.

Kukhala pakati pa Asilamu kumafunanso nzeru ina. Pa ukwati kapena pa maliro, mabanja ambiri achikhristu amaitana mnansi Wachisilamu kuti achinje mbuzi kapena nkhuku, kuti aliyense adye popanda kukayika. Ena amaona ngati kumeneko ndi kugonja. Koma Paulo analangiza Akorinto ndi Aroma kuti asakhumudwitse anzawo chifukwa cha chakudya, ndipo n'kovuta kupeza chimene Mkhristu wataya polola mnzake kudya naye. M'zaka za m'ma 2000, pamene Edzi inkapha anthu ambiri, Dayosizi ya Anglikani ya Niassa inakhazikitsa magulu odzipereka otchedwa Equipas de Vida, oyendera odwala ndi kusamalira ana amasiye m'midzi, osayamba afunsa kuti wodwalayo amapemphera kuti.

Pali kusagwirizana kumene sikunathe. Ena amaopa kuti kulankhula kwambiri za khalidwe kumasandutsa Chikhristu kukhala malamulo, ngati kuti munthu amagula chipulumutso ndi ntchito zake. Ena amaopa zosiyana, kuti kulalikira chisomo chokha kumabala Akhristu a dzina lokha, oonekera pa Khrisimasi, pa Pasaka ndi pa tsiku la maliro awo. Makalata a Paulo amayamba ndi zimene Mulungu wachita, kenako n'kunena za mayendedwe, ndipo kalata ya Yakobo imakana chikhulupiriro chosabala ntchito. Mipingo imasiyananso pa zizindikiro. Kwa ina Mkhristu amadziwika posamwa mowa ndi posasuta fodya, kwa ina polandira masakramenti, kwa ina polankhula malilime, ndipo alaliki ena atsopano amaloza galimoto ndi nyumba ngati umboni wa dalitso. Muyeso womalizawu ndi wovuta kuugwirizanitsa ndi mbiri ya Niassa, pakuti Kamungu, Abdallah ndi akatekisiti a nthawi ya nkhondo onse akanaulephera. Miyeso inayo nayo ili ndi ngozi yake: ndi yosavuta kuiona, motero mpingo umatha kudzudzula msanga mtsikana wotenga pakati, n'kumusiya pa mpando mkulu wa mpingo amene analanda katundu wa mkazi wamasiye.

Za wolephera, mipingo yambiri imasiyanitsa dzina ndi mwayi wa pa gome la Ambuye. Akatolika ndi Aanglikani amaphunzitsa kuti ubatizo subwerezedwa, choncho wochimwa salandidwa dzina. Amalapa, naulula kwa wansembe kapena pamodzi ndi mpingo wonse, nabwerera ku Ukaristiya. Mipingo ya Chireformed imamuimitsa munthu pa mgonero kwa nthawi, kumubwezera ku kalasi, kenako akulu a mpingo n'kumulandiranso pamaso pa onse. Mipingo yambiri ya Chipentekoste imamutsitsa pa udindo kufikira abusa ataona kuti wasintha. Pamene cholakwacho chinapweteka munthu wina, monga ngongole yosabwezedwa kapena malire a munda osunthidwa, akulu osamala amafuna kuti wolakwayo ayambe wakonza ndi mwini wakeyo, kaya ndi wa mpingo womwewo, wa mpingo wina, kapena wa ku mzikiti, asanaimirire kutsogolo kuti alandiridwenso.